UMISIRI WA MATABWA: KUMATA VINIYA NDI KUWALITSA KATUNDU WA MTUNDU WAKALE

Phunziro la mwezi uno talembera amisiri a matabwa, aphunzitsi a ntchito za manja, ndi ena onse ofuna kudziwa m'mene thabwa limodzi lokongola lingakwanire tebulo, kabati ndi bokosi lomwe. Tidzanena za katundu wa m'nyumba wa mtundu umene amisiri a ku England anapanga pakati pa chaka cha 1660 ndi cha 1800. Katundu ameneyu akali kukondedwa, ndipo m'maiko ambiri muli amisiri amene amamutsanza ndi manja kufikira lero lino. Nzeru yaikulu ya amisiri akalewo inali iyi: mtengo wokongola ndi wosowa sanauononge pouika paliponse. Anaucheka mopyapyala, naumata pamwamba pa thabwa wamba. Kathabwa kopyapyala kameneka dzina lake ndi viniya.

Viniya nchiyani, ndipo ali ndi phindu lanji?

Viniya wochekedwa ndi manja akhuthala ngati chikuto cholimba cha buku, ndiye kuti mamilimita 2 kapena 3. Amatidwa ndi guluu pa thabwa lina lolimba koma losakongola kwenikweni, limene m'phunziro lino tidzalitcha thabwa la pansi. Ntchito imeneyi si yachilendo pa dziko lapansi. Ku Egypt, dziko la chipululu kumene mitengo yabwino inali yochepa, amisiri anaidziwa kalekale. M'chaka cha 1922, pamene Howard Carter anapeza manda a mfumu Tutankhamun, munapezeka mabokosi ndi mipando yomatidwa tizidutswa ta mtengo wakuda ndi ta minyanga ya njovu, ndipo zinthuzo zinali zitakhala zaka zoposa 3,000.

Phindu la viniya lili patatu.

Loyamba ndi kusunga mtengo. Tiyeni tiwerenge. Thabwa lokhuthala inchi imodzi lili ndi mamilimita 25. Viniya aliyense akatenga mamilimita 2, ndipo macheka akadya mamilimita 2 pa kucheka kulikonse, thabwalo lidzatulutsa maviniya 6. Tsono thabwa limene likadapanga chitseko chimodzi cha kabati likongoletsa zitseko 6. Makina ambiri a masiku ano sacheka, amasenda ndi mpeni waukulu, ndipo viniya wao akhuthala pang'ono kuposa theka la milimita imodzi. Pa inchi imodzi atulutsa maviniya pafupifupi 40.

Lachiwiri ndi lakuti mbali zokongola koposa za mtengo ndizo zosalimba. Pa mphanda, pamene thunthu ligawikana kukhala nthambi ziwiri, mizere ya mtengo ioneka ngati malawi a moto kapena nthenga ya mbalame. Pa chotupa cha pa thunthu pali timaso tambirimbiri. Mbali zimenezi mukazipanga thabwa lokhuthala zing'aluka ndi kupotoka, nchifukwa chake ocheka matabwa amazisiya m'thengo kuti zikhale nkhuni. Koma zikachekedwa mopyapyala ndi kumatidwa pa thabwa loongoka, zikhala bwinobwino.

Lachitatu ndi lakuti maviniya ochokera m'thabwa limodzi afanana ngati mapasa. Mukatenga awiri otsatana ndi kuwatsegula monga mutsegula buku, mizere ya kumanja idzafanana ndi ya kumanzere. Maviniya anai oyalidwa chotero apanga chithunzi chimodzi chachikulu pa tebulo.

M'mene Angerezi anasinthira mitengo

Chisanafike chaka cha 1660, katundu wa ku England anapangidwa ndi mtengo wotchedwa oak. Anali wolemera, wokhuthala, wolumikizidwa ndi zikhomo za mtengo, ndipo chokongoletsa chake chachikulu chinali kusema. M'chaka chimenecho mfumu Charles II anabwerera kwao atakhala zaka zambiri ku France ndi ku Holland, kumene anaona katundu wopepuka womatidwa viniya. M'chaka cha 1666 moto unatentha nyumba zoposa 13,000 mu mzinda wa London, kotero panafunika katundu watsopano wambiri. Amisiri odziwa kumata anabwera kuchokera ku Holland ndi ku France, makamaka chitapita chaka cha 1685, pamene mfumu Louis XIV ya ku France inaletsa chipembedzo cha Aprotestanti ndipo ambiri anathawa.

Mtengo umene unakondedwa pa nthawi imeneyo ndi walnut, wa maonekedwe oderako ndi mizere yakuda. Anaumata pa oak kapena pa paini. Katundu wotchuka wa walnut atchedwa ndi dzina la mfumukazi Anne, amene analamulira kuyambira 1702 kufikira 1714. Mudzamzindikira pa miyendo yake yopindika ngati mwendo wa nyama, ndi pa kamzere ka viniya wopingasa kozungulira m'mphepete mwa madilowa.

M'chaka cha 1709 kunagwa chisanu choopsa chimene chinapha mitengo yambiri ya walnut ku France. M'chaka cha 1721 nyumba ya malamulo ku London inachotsa msonkho pa matabwa ochokera ku maiko a ku America olamulidwa ndi Britain. Pamenepo zombo zinayamba kubwera ndi mtengo wofiira wa pa chilumba cha Jamaica, dzina lake mahogany. Tisaiwale kuti amene anagwetsa mitengo imeneyi ndi kuikoka m'mapiri anali akapolo otengedwa kuno ku Africa. Mahogany anakondweretsa amisiri chifukwa matabwa ake anali otambalala, osapotoka, ndi osavuta kusema.

Mmisiri wodziwika koposa wa nthawi ya mahogany ndi Thomas Chippendale, amene anabadwa ku Otley m'chaka cha 1718 namwalira m'chaka cha 1779. Nyumba yake ya ntchito inali mu mseu wa St Martin's Lane ku London. M'chaka cha 1754 anasindikiza buku la zithunzi pafupifupi 160 za katundu wosiyanasiyana, dzina lake *The Gentleman and Cabinet-Maker's Director*, ndipo amisiri a kutali anatsanza zithunzizo. Katundu amene anapangira nyumba ya Dumfries House ku Scotland m'chaka cha 1759 akali momwemo. Pambuyo pake kunatuluka mabuku a George Hepplewhite m'chaka cha 1788 ndi a Thomas Sheraton kuyambira 1791. Katundu wao ndi wa miyendo yoonda, yoongoka, ndipo kawirikawiri amatidwa mtengo wachikasu wotchedwa satinwood, ndi timizere takuda m'mphepete.

Chimene chinachitikira mahogany

Mitengo ya mahogany ya pa Jamaica inali itakula kwa zaka mazana, koma zaka za m'ma 1700 zisanathe, ija yosavuta kuifikira inali itatha. Odula anasamukira ku Cuba ndi ku dziko limene lero litchedwa Belize. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amalonda anatembenukira ku West Africa, kumene anapeza mitengo ya banja lomwelo yotchedwa Khaya, naigulitsa ngati mahogany wa ku Africa.

Apa mpamene nkhaniyi itikhudza ife, pakuti mbawa yathu imene imera m'mbali mwa mitsinje ndi umodzi wa mitengo ya Khaya imeneyi. Mmisiri wa kuno wofuna kutsanza tebulo la Chippendale ali ndi mtengo woyenera pafupi. Koma njira imene mahogany wa pa Jamaica anapita, mbawa ndi mlombwa zili kulondola yomweyo. M'mwezi wa November 1922 Howard Carter anapeza mipando ya zaka 3,000. Patapita zaka 100, m'mwezi wa November 2022, maiko a m'pangano la CITES anasonkhana ku Panama nagwirizana kuti mitengo ya ku Africa ya mtundu wa mbawa, wa mlombwa ndi wa msambamfumu isatumizidwe kunja popanda chilolezo, chifukwa ili kutha. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, watsala pang'ono kutheratu m'thengo. Funsani mmisiri wachikulire aliyense, adzakuuzani kuti matabwa otambalala a mlombwa amene anapala ali mnyamata sapezekanso. Mtengo wakale ukatha, ntchito ya mmisiri nayonso ichepa. Nchifukwa chake kudziwa kumata viniya si nkhani ya kukongoletsa yokha ai.

Kumbukirani kuti Lamulo la Nkhalango la 1997 likali kugwira ntchito, pamodzi ndi zimene anaonjezamo m'chaka cha 2020. Musanadule kapena kugula mtengo wachilengedwe, yambani mwafunsa mlangizi wa za nkhalango wa kwanuko.

Kusankha matabwa

Pa viniya wa mtundu wa Chippendale sankhani mbawa, makamaka ya pa mphanda. Walnut kuno kulibe, koma mlombwa wodera uyandikira maonekedwe ake. Timizere takuda ta m'mphepete tingachokere ku tizidutswa ta phingo totsala kwa osema ziboliboli. Tengani mtima wa mtengo wokha. Mbali yoyera ya pafupi ndi khungwa ifumbwa msanga.

Si mbali zonse zimene zifuna viniya. Miyendo ya tebulo, miyendo ya mpando ndi zopingasa zake zisenza katundu, kotero zikhale za mtengo wathunthu wa mizere yoongoka. Viniya ndi wa malo otambalala: pamwamba pa tebulo, zitseko, m'mbali mwa kabati ndi kumaso kwa madilowa.

Thabwa la pansi ndilo maziko a ntchito yonse. Paini wouma wopanda mfundo zambiri ali bwino, ndipo malayina nayenso akhala phee akauma. Bulugamu musamgwiritse ntchito imeneyi, pakuti ang'aluka ndi kupotoka. Pulayiwudi wabwino wokhuthala athandizanso, ngakhale amisiri akalewo analibe.

Samalani zinthu zinai izi:

1. Thabwa likhale louma ndithu. Mtengo ukamauma uchepa m'mimba mwake, koma m'litali suchepa kwenikweni. Thabwa la pansi likachepa viniya atamatidwa kale, viniyayo adzatukuka kapena kung'ambika. Sanjani matabwa pamthunzi, podutsa mphepo, ndi timitengo pakati pao. Kuti mudziwe ngati auma, dulani kachidutswa ndi kumakayesa pa sikelo sabata ndi sabata. Kakaleka kupepuka, matabwa auma.

2. Matabwa ang'onoang'ono olumikizidwa aposa thabwa limodzi lotambalala. Chekani timatabwa ta mainchi 3 kapena 4, ndipo pomata mutembenuze kachiwiri kalikonse, kuti kena kakafuna kupindikira kumwamba kanzake kakokere pansi.

3. Chotsani mfundo zonse ndi kutsekapo ndi kachidutswa ka mtengo womwewo. Mfundo siichepa pamodzi ndi thabwa, ndipo patapita miyezi idzaonekera pa viniya ngati chotupa. Misomali nayonso isakhale pansi pa viniya.

4. Guluu akamauma, viniya akoka thabwa nalipinda ngati mbale. Mankhwala ake ndi kumata mbali zonse ziwiri: viniya wokongola kumaso, viniya wa mtengo wamba kumbuyo, onse okhuthala mofanana. Ngati mumata mbali imodzi yokha, matani mbali imene inayang'ana ku mtima wa mtengo, chifukwa thabwa pa lokha lipindikira kwinako, ndipo mphamvu ziwirizi zidzalimbana.

Mizere ya viniya ilondole mizere ya thabwa la pansi. Koma pa pulayiwudi ipingase mizere ya tsamba lake la pamwamba.

Kucheka viniya

Amisiri akale anaimika chipika m'chopanira chachikulu, ndipo anthu awiri anakoka macheka opyapyala omangidwa m'felemu, wina uku wina uko. Kuno kwathu ocheka matabwa a pa dzenje aidziwa kale ntchito yofanana ndi imeneyi. Kusiyana kwake ndi kwakuti macheka a viniya ndi opyapyala, a mano ang'onoang'ono.

Yambani ndi chipika chaching'ono, cha mainchi 5 kapena 6 m'mimba mwake. Palani mbali imodzi ndi puleni kufikira isalale. Lembani mzere wa mamilimita 3 kuzungulira chipika chonse. Chekani pang'onopang'ono kunja kwa mzere, muli kutembenuza chipika kawirikawiri kuti macheka asasokere. Viniya akachoka, palaninso chipika musanacheke wina. Lembani nambala pa viniya aliyense monga atsatana, ndipo muwasunge pakati pa matabwa awiri ndi mwala pamwamba. Viniya wa pa mphanda akakwinyika, muwazeni madzi pang'ono ndi kumpanikiza pakati pa mapepala, muli kusintha mapepalawo tsiku ndi tsiku kufikira aume ali woongoka.

Guluu

Guluu wa amisiri akale anachokera ku zikopa za ng'ombe. M'masitolo ena agulitsidwa ngati timibulu touma. Angapangidwenso pamudzi: dulani zotsala za chikopa chosafufuta, ziviikeni m'madzi a laimu kufikira ubweya uchoke, zitsukeni kwambiri, ziphikeni pa moto wochepa kwa maola angapo osawiritsa, sefani madziwo pa nsalu ndi kuwaumitsa pamthunzi.

Pofuna kumgwiritsa ntchito, viikani guluu m'madzi ozizira usiku wonse. M'mawa ikani chitini cha guluu m'kati mwa mphika wa madzi otentha. Kutentha koyenera ndi madigiri 60, ndiko kuti chala chingakhudze koma sichingakhalitsemo. Guluu akawira atha mphamvu. Mukatukula burashi, guluu wabwino atsika ngati ulusi wosaduka. Akamadontha ngati madzi wachepa mphamvu, akamagwa zibuma walimba kwambiri.

Ubwino wa guluu ameneyu ndi wakuti agwira akamazizira, ndipo asungunukanso mukamtenthetsa. Nchifukwa chake kabati ya zaka 250 ingakonzedwe lero popanda kuiononga. Kuipa kwake ndi kwakuti aopa chinyezi, choncho katundu wotere asakhale pakhonde kapena pa nyumba yodontha. Guluu woyera wa m'botolo agwiranso bwino, koma afuna zopanira kufikira aume.

Kumata

Poyamba kandani thabwa la pansi ndi mano a msumeno wodulira zitsulo, mopingasa uku ndi uku, kuti guluu apeze pogwira. Pakani guluu wamadzimadzi ndi kumleka aume usiku wonse, kuti thabwa lisadzamwe guluu yense pa tsiku lomata.

Njira zomatira ndi ziwiri.

*Njira ya hamala* ndi ya viniya wopyapyala kwambiri. Hamala imeneyi si yokhomera ai. Ndi kathabwa kolimba ka mainchi 4, kokhala ndi chogwirira, ndipo kunsi kwake kuli kachitsulo kosalala kosathwa. Pakani guluu wotentha pa thabwa ndi pa viniya, yalani viniya, pukutani pamwamba pake ndi nsalu yonyowa pang'ono, ndipo pititsanipo simbi yofunda. Simbi ikapsereza dzanja ndiye kuti yatentha kwambiri. Tsono kanikizani hamala ndi manja awiri, kuyambira pakati kunka m'mphepete, mokhotakhota ngati njoka, kuti guluu wotsala ndi mpweya zituluke. Musakoke hamala mopingasa mizere, chifukwa viniya adzatambasuka ndipo pouma adzang'ambika.

Polumikiza maviniya awiri, yalani wachiwiri kuti akwere pa woyamba theka la inchi. Ikani rula yachitsulo pakati ndi kudula onse awiri pamodzi ndi mpeni wakuthwa. Chotsani kachidutswa ka pamwamba, tukulani pang'ono ndi kuchotsa ka pansi, tenthetsani, ndi kukanikizanso. Matani kapepala pa mlumikizowo kuti usatseguke pouma.

*Njira ya thabwa lopanikizira* ndi ya viniya wokhuthala wochekedwa ndi manja. Lumikizani maviniya onse ndi timapepala poyamba. Pakani guluu pa thabwa la pansi, mlekeni azizire, yalani viniya, ndipo pamwamba pake ikani pepala kuti asamatirire. Tenthetsani thabwa lina losalala pafupi ndi moto ndi kuliika pamwamba msangamsanga. Kutentha kwake kudzasungunula guluu. Panikizani ndi mitanda iwiriiwiri, wina pamwamba wina pansi. Mitandayo ikhale yotukuka pang'ono pakati, kuti iyambe kukanikiza pakati ndi kukankhira guluu kunja. Yambani kumanga mitanda ya pakati, kenaka ya kumapeto. Opanda zopanira zachitsulo angamange mitanda ndi mabauti kapena kukhomera mphero za mtengo m'felemu.

M'mawa mwake gogodani paliponse ndi chikhadabo. Pamene pamveka ngati ng'oma pali mpweya. Ng'ambani pang'ono motsata mizere, lowetsani guluu, tenthetsani ndi kupanikiza. Lekani ntchitoyo masiku awiri kapena atatu musanayambe kusalaza.

Kusalaza ndi kuwalitsa

Kuona maso a nkhono nkudekha. Amisiri ambiri aononga ntchito ya mwezi wathunthu pa tsiku lomaliza chifukwa cha liwiro. Chotsani timapepala ndi guluu yense wa pamwamba ndi nsalu yonyowa, pakuti pamene patsala guluu mafuta salowa, ndipo padzaoneka banga. Palani ndi kachitsulo kopalira, osati ndi puleni. Kenaka kwechani ndi sandipepa wokulungidwa pa kathabwa, kuyambira wa nambala 120, kenaka 180, kutsiriza ndi 240, nthawi zonse motsata mizere. Chenjerani m'mphepete, pamene viniya abooka msanga. Mangani kansalu pamphuno, chifukwa fumbi la matabwa lipweteka chifuwa.

Njira zowalitsira zoyenera katundu wakaleyu ndi zitatu.

1. *Mafuta a linisidi.* Amisiri a nthawi ya Chippendale anapaka mafuta amenewa pa mahogany, nakwecha ndi fumbi losefa la njerwa yofiira, limene linatseka timabowo ta mtengo. Pakani pang'ono, dikirani mphindi 20, pukutani onse otsala, ndipo mubwereze pakapita masiku angapo. Pa viniya musathire ambiri. Mafuta ophikira ndiwo sayenera, pakuti sauma. CHENJEZO: nsalu yonyowa ndi mafuta a linisidi ikaunjikidwa itentha yokha niyaka moto. Iyanikeni panja yotambasula kapena iviikeni m'madzi.

2. *Phula la njuchi.* Palani phula kukhala tizidutswa, liikeni m'botolo, thirani tapentaini kufikira limire, tsekani ndi kuika padzuwa kufikira lifewe ngati batala. Musaliike pamoto, tapentaini ayaka msanga. Pakani mopyapyala, dikirani ola limodzi, ndipo pukutani mwamphamvu ndi burashi kapena nsalu. Kuwala kwa phula ndi kofatsa, ndipo kuonjezeka chaka ndi chaka. Alimi a njuchi asataye phula, ali ndi msika kwa amisiri.

3. *Shelaki.* Ameneyu ndi utomoni wotuluka m'tizilombo tating'ono tokhala pa nthambi za mitengo ku India ndi ku Thailand. Sungunulani magalamu 200 mu lita imodzi ya sipiriti. Kulungani thonje m'kansalu koyera kosalala, nyowetsani thonjelo ndi shelaki, ndipo yendetsani pa thabwa mozungulirazungulira osaima. Mukaima, nsalu imatirira ndi kusiya chipsera. Kadontho kamodzi ka mafuta kathandiza kuti nsalu iterere. Bwerezani kambirimbiri kwa masiku angapo kufikira pawale ngati kalilole. Njira imeneyi Angerezi aitcha French polish, ndipo inafala kwao cha m'ma 1820. Chifukwa chake wofuna kutsanza katundu wa nthawi ya mfumukazi Anne kapena ya Chippendale asawalitse chotero. Apake shelaki kawiri kapena katatu kokha, akweche pang'ono, natsirize ndi phula. Shelaki aopa madzi, mowa ndi kapu yotentha.

Mbawa yatsopano ioneka yotuwirako, koma musafulumire kuipaka utoto. Kuwala kwa dzuwa kudzaifiiritsa yokha pakapita miyezi. Vanishi wokhuthala wa m'chitini ateteza tebulo lodyerapo, koma abisa mizere ya mtengo ndipo akasweka avuta kukonza.

Kodi viniya ndi chinyengo?

Ena adzati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Mau amenewa ali ndi pochokera. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 Marc Isambard Brunel anamanga makina ochekera viniya ku Battersea, mu London, ndipo m'zaka zotsatira viniya anatsika mtengo. Mafakitale ena anayamba kubisa matabwa aawisi ndi ntchito yosalongosoka pansi pa viniya, kotero dzina lake linaipa. Lero lomwe m'masitolo muli makabati a utuchi wopanikiza wokutidwa ndi pepala la chithunzi cha mtengo, amene afufuma akangokhudza madzi.

Koma cholakwa si viniya, ndi chimene chili pansi pake. Kabati ya walnut ya zaka 300 ikali chiimire chifukwa thabwa la pansi linali louma ndipo mfundo zake zinalumikizidwa bwino. Mmisiri woona mtima auza wogula poyera kuti, "Bambo, pamwambapa ndi mbawa, m'katimu ndi paini wouma," natsegula dilowa kuti wogulayo aone yekha. Wogula wanzeru adzakondwa, pakuti alandira kukongola kwa mbawa pa mtengo wotsikirapo.

Mau kwa aphunzitsi

Ana asayambe ndi tebulo. Ayambe ndi chivundikiro cha kabokosi ka mainchi 6, pogwiritsa ntchito zotsala za kwa mmisiri. Itanani mmisiri wa m'mudzi mwanu kuti adzaonetse kanoledwe ka macheka. Pa nyengo yodzala mitengo, kuyambira 15 December kufikira 15 April, sukulu iliyonse yokhala pafupi ndi mtsinje idzale mbawa. Fesani njere zake zikangogwa, chifukwa sizikhalitsa.

Mafunso a m'kalasi:

1. Thabwa la mainchi 2 lingatulutse maviniya angati, ngati viniya atenga mamilimita 2 ndipo macheka adya mamilimita 2?
2. Chifukwa ninji timata viniya mbali zonse ziwiri za thabwa?
3. Tchulani mitengo inai imene Angerezi anagwiritsa ntchito, monga inatsatana.
4. Nchiyani chinachitikira mahogany wa pa Jamaica, ndipo mbawa ya kwanu ili bwanji?
5. Chifukwa ninji nsalu ya mafuta a linisidi siiyenera kuunjikidwa m'nyumba?

Amisiri amene adzayesa njira zimenezi ayambe ndi tizidutswa, ndipo asunge chitsanzo chimodzi m'nyumba kuyambira nyengo ya dzuwa kufikira mvula itatha. Chikapirira nyengo zonse ziwiri osapindika ndi osatukuka, pamenepo angalandire ntchito ya munthu.